Mfuwe na Chipata: mumwamba ni mamineti 20, nanga pansi?

Foni yalila m'ma 21:00. Malaiti apita monga mwa masiku onse, muli panja pa mbaula, ndiwo zikali pa moto. Ni amai kumudzi, kufupi na Chipata. Mau awo okha akuuzani kale kuti sikuli bwino: amalume amene anakulipililani sukulu mpaka giledi 12 atisiya madzulo ano. Kuika ni mawa m'ma 15:00, chifukwa kumudzi kulibe kosungila thupi.

Mukali chiimile na foni m'manja, mbuya wanu wa Chibemba wa pa khomo loyandikana watulukila. Wapepesa bwinobwino, kenaka chimbuya chayamba: "Imwe ba kum'mawa, vonse ni njinga na mbeba chabe. Kwelani ndeke! Onani apa pa foni, Lusaka na Mfuwe ni one hour. Mfuwe na Chipata ni 78 kilomita, twenty minutes mwafika. Muzapeza na nsima ya pa malilo ikalibe kupya."

Manambala amene mbuya akuonetsani si abodza iyayi. Vuto ni lakuti nambala ya mumwamba siuza munthu nthawi imene adzafika pa manda. Choncho musanathamangile kwa wa kaloba, kapena kupempha anzanu a chilimba kuti mwezi uno mudye ndimwe, khalani pansi tiwelenge pamodzi.

78 imeneyi ichokela kuti?

Tengani mapu a Zambia. Khomani kamsomali pa bwalo la ndeke la Chipata, kena pa bwalo la Mfuwe, mukoke ulusi pakati pake mpaka ulimbe. Ulusi umenewo ni makilomita pafupifupi 78, ndiwo mtunda umene foni ikupatsani. Ulusi sudziwa phili, sudziwa mlatho, sudziwa roadblock.

Mabwalo awiliwa onse ni ang'ono, koma safanana. La Chipata lili kunja pang'ono kwa tauni, m'mbali mwa mseu womwewo wopita ku Mfuwe, pamtunda wa mamita opitilila pang'ono 1,000. La Mfuwe lili pansi m'chigwa cha Luangwa, m'boma la Mambwe, kufupi na Masumba, pa mamita pafupifupi 560. Ndiye chifukwa chake munthu wochoka ku Chipata atavala juzi m'mawa, pofika ku Jumbe amakhala atavula kale.

Bwalo la Mfuwe lili na dzina lalikulu, Mfuwe International Airport, kuyambila 1995. Lili pagulu la mabwalo anayi a international amene Zambia Airports Corporation iyang'anila, pamodzi na Kenneth Kaunda ya kuno ku Lusaka, Simon Mwansa Kapwepwe ya ku Ndola na Harry Mwaanga Nkumbula ya ku Livingstone. Koma dzina lisakuopseni. Potela ndeke ni pamodzi chabe, pa tala yotalika makilomita awili na kanthu, nyumba yake ni yaing'ono, ndipo mukatsika mu ndeke muyenda wapansi kukalowa mkati. Bwaloli analimangila alendo opita kukaona nyama ku South Luangwa National Park, imene geti yake ili makilomita ngati 25 kuchokela pamenepo.

Pa mseu, kuchoka mu tauni ya Chipata kufika pa bwalo la Mfuwe ni makilomita pafupifupi 100. Masiku ano ni tala, osati fumbi la kale lija limene makolo athu amasimba, koma pali mapili, makona, midzi, mbuzi, njinga na ngolo za ng'ombe. Motoka yabwino itenga ola na hafu kapena maola awili.

Nanga mamineti 20 aja? Kandeke ka mtundu wa Cessna Caravan, kamene kanyamula anthu ngati 12, kathamanga makilomita pafupifupi 300 pa ola. Mukagawa 78 na liwilo limenelo mupeza mamineti 15 kapena 16. Onjezani kunyamuka na kutela, mufika pa 20 kapena 25. Mbuya sananame. Chimene sanakuuzeni ni chakuti kandeke kameneka si minibasi ya ku Matero yoti muimilila pa steshoni, kondakitala n'kukuitanani. Ulendo waufupi chonchi umakhala wa charter, kutanthauza kuti mwahaya ndeke yonse na pailoti wake. Ngati ichokela ku Lusaka kubwela kudzakutengani, mafuta a ulendo umenewonso ali pa imwe. Izo ni za makampani na alendo a madola. Ife a mu komboni, pakati pa Mfuwe na Chipata tiyenda pansi.

Mfuwe ili pafupi, Mfuwe ili kutali

Apa pali chinthu chimene ambili sachidziwa, ngakhale amene anabadwila kum'mawa. Mumwamba, kuchoka pa Kenneth Kaunda kufika ku Mfuwe ni makilomita pafupifupi 440. Kuchoka pa Kenneth Kaunda kufika pa bwalo la Chipata ni pafupifupi 490. Inde, kwa pailoti, Mfuwe ndiyo ili pafupi na Lusaka. Koma kamuuzeni zimenezo dalaivala wa basi pa Intercity, adzakusekani. Kwa iye Chipata ni makilomita ngati 570, ndipo Mfuwe ni pafupifupi 700.

Chifukwa chake ni mseu. Great East Road siitsata chigwa. Ikaoloka mtsinje pa Luangwa Bridge, makilomita ngati 230 kuchokela ku Lusaka, ikwela mapili kupita ku Kacholola na Nyimba, n'kuyenda pamtunda kudzela Petauke, Sinda na Katete mpaka ku Chipata. Mukafika ku Chipata ndiye mukhota, n'kubwelela chakumadzulo, kutsikila m'chigwa chomwecho chimene chakhala kumanzele kwanu kuyambila pa mlatho paja. Kuli njila yachidule, mseu wakale wa ku Petauke umene utsata chigwa, koma ni wa dothi, ufuna motoka ya 4x4, ndipo nthawi ya mvula musauyese n'komwe.

Ndeke ilibe nazo nchito zozungulila izi. Ikanyamuka ilunjika pakati pa kumpoto na kum'mawa, basi. Mukakhala ku windo mudzaona minda yozungulila ngati mbale ya mafamu a ku Chongwe, kenaka mapili na thengo lopanda nyumba, kenaka Luangwa mwini wake akukhotakhota, mchenga woyela uli mbuu m'mbali mwake ngati ni m'chilimwe. Ndeke ikatsika, mwina mudzaona timadontho takuda titaunjikana m'madzi. Si miyala iyo, ni mvuu.

Ola la pa tikiti

Kampani yodziwika pa njila ya Lusaka na Mfuwe ni Proflight Zambia, imene inayamba mu 1991. Imodzi mwa ndeke zake ni Jetstream 41, ya mapulopela awili na mipando 29. Mukalowa mudzaona kuti ni Rosa ya ku Chawama chabe, kungoti ili na mapiko ndipo palibe wokuuzani kuti musunthe pakhale wachisanu. Ithamanga makilomita pafupifupi 500 pa ola. Wa masamu adzakuuzani kuti 440 pa liwilo limenelo ni mamineti 53. Koma pa tikiti mupeza ola limodzi na mamineti ngati 10.

Mamineti enawo apita kuti? Wochi ya a ndeke iyamba kuwelenga ndeke ikangosuntha pamene inaima, ndipo imaleka ikaima kwinako. Iyenela kuyenda pang'onopang'ono pansi kukafika ponyamukila, n'kuyembekeza a pa tower ailole. Ndeke imanyamuka na kutela moyang'anana na mphepo, choncho tsiku lina imayamba yayang'ana kwina, kenaka n'kukhota. Pokwela siifika pa liwilo lake lonse, potsika ichepetsanso. Mphepo ikakhala ya kutsogolo ulendo utalika, ikakhala ya kumbuyo ufupika. Nthawi ya mvula, kuyambila November mpaka March, pailoti salowa mu mtambo wa ziphaliwali, amauzungulila. Mu October, pamene kutentha kwa m'chigwa kumapitilila madigili 40, ndeke ya masana imagwedezeka ngati minibasi pa mseu wa mu Kanyama mvula itatha. Ngati mtima wanu suchedwa kuchita nselu, sankhani ya m'mawa.

Sungani lamulo ili m'mutu: gawani mtunda na liwilo, kenaka muonjeze mamineti a pansi, a pokwela na a potsika. Ulendo ukakhala wautali, mamineti amenewa saoneka. Ukakhala waufupi ngati wa Mfuwe na Chipata, ndiwo adya gawo lalikulu, ndipo phindu la ndeke limachepa.

Manje tiwelenge kuchokela pakhomo panu

Ulendo suyambila pa bwalo la ndeke. Uyambila pamene mwakhoma loko pa chitseko. Bwalo la Kenneth Kaunda, limene linapatsidwa dzinali mu 2011, sili mu tauni. Lili chaku Chongwe, makilomita oposa 20 kuchokela pa Cairo Road. A ku Kalingalinga na Mtendere, ndeke zimene muziona zikutela pafupi na kwanu zija ni za pa City Airport, bwalo la ZAF, tikiti yanu siigwila nchito kumeneko. Ndiponso mukafika pa Kenneth Kaunda musathamangile chinyumba chatsopano chamagalasi chimene anatsegula mu 2021. Icho ni cha opita kunja. Ndeke za mkati mwa dziko zinyamukila ku chinyumba chakale.

Ngati mukhala ku Mtendere kapena Kalingalinga muli na mwayi, mamineti 30 kapena 40 mwafika. Koma wa ku Kanyama, George, Matero kapena Chawama ayenela kudutsa tauni, kenaka Manda Hill, Arcades, Munali na Chelstone. Mukagwidwa na jam ya m'mawa, ola na hafu silikhala lambili. Minibasi idzakusiyani ku Chelstone kapena pa roundabout yokhotela ku eyapoti, kotsalako ni taxi kapena Yango.

Pa bwalo mufunika kufika ola lathunthu ndeke isananyamuke. Nyamulani reji kapena pasipoti, dzina la pa tikiti lifanane na la pa reji. Katundu amapima pa sikelo. Chi ukwa chanu chodzaza na shuga, saladi, sopo na vitenge vya azakhali, pa basi mungakambitsane na kondakitala. Pa ndeke kulibe "bwana nichepeseleniko", makilo opitilila mulipila.

Nayi samu yonse ya munthu wa ku Kanyama:

Kuchoka pakhomo kufika pa bwalo: ola na hafu.
Check-in na kuyembekeza: ola limodzi.
Mu ndeke: ola na mamineti 10.
Kutsika na kutenga chola ku Mfuwe: mamineti 20.
Mseu wa Mfuwe kupita ku Chipata: maola awili.

Pamodzi ni maola 6. Ndipo samu iyi igwila ngati pali motoka imene ikuyembekezani kale panja. Zambili zimene mupeza zitaima pa bwalo la Mfuwe ni za malodge, zabwela kudzatenga alendo awo kupita nawo ku paki, osati ku Chipata. Minibasi na mataxi ogawana zopita ku Chipata zambili zinyamuka m'mamawa, ndipo zimayamba zadzaza. Mukahaya taxi ya imwe nokha, makilomita 100 na kubwelela kwake, thumba lidzamva.

Nanga basi?

Mabasi oyamba a ku Chipata anyamuka pa Intercity, pa Dedan Kimathi Road, kukali mdima, m'ma 05:00. Ulendo ni maola 8 kapena 9. Muli kuima pa Luangwa Bridge kugula nsomba zouma na madengu, muli nthochi za ku Nyimba zolowela pa windo, muli kutsata thilaki yolemedwa pa makona a Manenekela pamene dalaivala wanzelu sayesa kupitilila. Onjezani kuchoka pakhomo na kuyembekeza pa steshoni, ni maola ngati 10.

Mwaona manje? Mpikisano si wa ola limodzi na maola 9 monga anakambila mbuya. Ni wa maola 6 na maola 10. Ndeke ikupulumutsilani maola anayi, ndipo mtengo wa tikiti yake uposa wa basi kangapo, tisanawelengele Yango ya kuno na taxi ya ku Mfuwe.

Chachikulu kuposa zonse ni nthawi imene ndekeyo inyamuka. Tinene kuti mwapeza mpando pa ya 07:00. Mudzatela m'ma 08:10, ku Chipata mudzafika isanakwane 11:00, muli na nthawi yosamba, yolowa m'nyumba ya malilo na yokhala pansi na amai. Tinene kuti imene ilipo ni ya 11:00. Mudzatela m'ma 12:10, ku Chipata mudzalowa m'ma 14:30, ndipo mudzapeza msuweni wanu amene anakwela basi ya 05:00 atafika kale, akudya nthochi zake za ku Nyimba. Tinene kuti imene ilipo ni ya 16:00. Mudzafika usiku, anthu atabwelako kale ku manda. Ndeke ni yomweyo, makilomita ni omwewo, koma maulendo atatu osiyana.

Ndeke ipambana pati, iluza pati?

Ngati kumene mupita ni ku Mfuwe kwenikweni, nkhani isintha. Pa basi ni makilomita pafupifupi 700, maola 11 kapena 12, tsiku lonse lathela pa mpando. Pa ndeke, kuchoka pakhomo mpaka pa Cropping, pamene pali msika na mashopu kufupi na geti ya paki, ni maola anayi na hafu. Achinyamata ambili a mu makomboni athu anaphunzila zophika, zopelekela zakudya, za magetsi kapena zokonza motoka, ndipo malodge a m'chigwa amalemba anthu otele. Akakuitanani ku interview ya mawa masana, funsani ngati iwo angakuthandizeni pa mayendedwe. Chimodzimodzi Akunda a kwa Nsefu, kwa Kakumbi kapena kwa Jumbe, amene kwawo ni pafupi na bwalo: kwa iwo ndeke itela pakhomo.

Ngati kwanu ni ku Chipata, mwaona kale, zidalila nthawi ya ndeke na motoka ya ku Mfuwe.

Ngati kwanu ni ku Katete, Sinda, Petauke kapena Nyimba, iwalani za ndeke. Wa ku Petauke akakwela ndeke, apitilila kwawo ali mumwamba, atela ku Mfuwe, ayenda makilomita 100 kukwela ku Chipata, kenaka ena pafupifupi 180 kubwelela kumene anachokela. Pamene basi ikanamusiya pa Petauke patapita maola ngati 6. Opita ku Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa February, kapena ku Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa August, nawonso basi iwatula kufupi, chifukwa malo onse awili muwapeza musanalowe mu Chipata.

Funsani izi musanalipile

Safunsa anadya phula. Musanatumize ndalama ya tikiti, pezani mayankho a mafunso awa.

Ndeke ilipo pa tsiku limenelo, ndipo inyamuka nthawi yanji? Ndandanda isintha na nyengo. M'chilimwe, kuyambila June mpaka October, alendo amachuluka, ndeke zimachuluka, komanso mipando imatha msanga. Nthawi ya mvula maulendo amachepa.

Ni yolunjika, kapena iyamba yatela kwina? Kutela pamodzi panjila kuonjeza mamineti ambili kuposa mmene makilomita aonetsela.

Itela pa bwalo liti? Musamve chabe kuti "ipita kum'mawa". Chipata na Mfuwe pa mapu zioneka ngati zala ziwili zogundana, koma pakati pake pali maola awili.

Ndani adzakutengani mukatela, ndipo mwagwilizana zingati? Imbani foni mukali kuno, osati mutaima padzuwa la m'chigwa na chola m'manja.

Makilo a katundu ni angati, ndipo tikiti ingasinthidwe ngati mwachedwa mu jam? Zotchipa zambili sizibweza ndalama.

Pobwela mudzayenda bwanji? Ambili amawelengela popita pokha, n'kupezeka Lachitatu akali kumudzi, abwana ku nchito akuimba foni.

Manje bwelelani pa mbaula paja. Ni 21:30. Yang'anani ngati pali mpando pa ndeke ya m'mamawa, ndipo ngati pali wachibale wa motoka amene angakutengeni ku Mfuwe. Zonse ziwili zikatheka ndipo ndalama ni yanu, osati ya kaloba, kwelani, palibe amene anabadwila kuti aziona ndeke mumwamba chabe. Chimodzi chikasowa, ikani alamu pa 03:00, itanani taxi ya munthu amene mumudziwa, mukagwile basi yoyamba. M'ma 14:00 mudzakhala mu Chipata, njinga yonyamula anthu kapena kataxi kadzakufikitsani kumudzi, mudzaponya nawo dothi. Ndalama imene ikanathela pa ndeke muipeleke m'manja mwa amai, chifukwa pa malilo pafunika bokosi, unga, ndiwo na nkhuni, ndipo anthu sabalalika tsiku lomwelo.

Mbuya uja musamusiye agone. Pa malilo nchito ni yawo a Chibemba. Muuzeni adzuke 03:00, anyamule chi ukwa, akupelekezeni ku Intercity.